Ng'ombe zisanu ndi dimba la mayi wamasiye: mlandu umene kalata yanga inatsala pang'ono kuwononga

Mayiwa sanabwere kudzadandaula za ng'ombe. Anafika pa ofesi yathu mu Novembala 2022, masana a dzuwa lija la kuno loti mchenga suupondeka wopanda nsapato, ndipo chimene ankafuna n'choti ndiwalozere bungwe lolipirira ana fizi. Mwana wawo woyamba, mtsikana wa Fomu 2, anali atatha masabata atatu ali pakhomo. Ndinawafunsa zimene ndimafunsa wamasiye aliyense: "Mayi, kodi bambo anasiya chiyani?" Anakhala chete kanthawi, kenako n'kuyamba kuwerenga ndi zala: nyumba ya njerwa zootcha yofolera malata, ng'ombe zisanu, ngolo, njinga, munda wa kumphala ndi dimba la kumtsinje. Nditafunsa chifukwa chake sanagulitse ng'ombe imodzi, anangoti, "Zili kwa alamu. Akusunga."

Ndagwira ntchito ya paralegal, yothandiza anthu pa nkhani za malamulo ngakhale sindine loya, m'boma la Nsanje zaka zoposa 10, ndipo mawu akuti "akusunga" ndawamva kambirimbiri. Nthawi zina amatanthauza kusunga kwenikweni. Nthawi zambiri amatanthauza kuti chumacho chapita.

Banjali limakhala m'mudzi wina kutsidya la kum'mawa kwa Shire. Ndi a Chisena: ukwati unali wa lobola, mkazi anachoka kwawo n'kukakhala kwa mwamuna, ndipo ana amawerengedwa kuchimuna. Bambo anamwalira mu Ogasiti 2022 atadwala miyezi ingapo, n'kusiya ana anayi. Patangotha masabata awiri, mkulu wawo wa malemuwo anabwera n'kukusa ng'ombe zonse kupita nazo kukhola kwake, ngolonso anatenga. Dimba analima yekha chilimwe chimenecho, mayiwa atauzidwa kuti asapondeko kufikira "za maliro zitatha". Nyumba ndi munda wa kumphala sanazikhudze.

Pa malamulo olembedwa, nkhani ya ng'ombe ndi ngolo inkaoneka yosavuta. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linalowa m'malo mwa la 1967, limati munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chake n'cha mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi ena amene ankadalira iye. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiye. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu atha kukakhala nawo kundende zaka 10. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limatchulanso mwachindunji kulanda amayi chuma cha masiye ngati mchitidwe woyenera kuthetsedwa. Zonsezi ndinkazidziwa pamtima, ndipo n'zimene zinandithamangitsa.

Sabata yomweyo ndinalemba kalata kwa mlamu uja. Ndinatchula lamulo, ndinatchula zaka 10 zija, ndinapereka masiku 14 kuti abweze ng'ombe zisanu ndi ngolo, ndipo pansi ndinalemba kuti kope lapita kupolisi. Sindinafunse za ankhoswe. Sindinapite kwa nyakwawa. Mudziwo sindinaupondemo n'komwe.

Mayiwa anabweranso mu Januwale 2023 atawonda. Ng'ombe sizinabwere. Apongozi awo, amene ankatumiza ufa mwakabisira, analeka. Akazi a pabanjapo anasiya kuwaitana ku dima, moti munda wa kumphala anaupalira okha ndi ana. Kuchitsime anthu ankawatchula kuti ndi mkazi wofuna kumangitsa abale a mwamuna wake manda asanaphwe. Chimene chinawapweteka koposa n'choti malume awo, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo, anawatumizira uthenga kuchokera ku Bangula woti popeza apeza ankhoswe atsopano a kuofesi, iwo asamba m'manja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, kalata yanu ija yandisiya ndekha."

Kalatayo inalibe bodza ngakhale limodzi pa zimene lamulo limanena. Koma inali yolakwika pa nthawi yake, pa njira yake, ndiponso, monga ndinadzazindikira pambuyo pake, pa nambala ya ng'ombe.

Apa ndiyenera kunena poyera mbali imene ndimaima, chifukwa ndi imene inatsogolera zonse zimene ndinachita kuchokera tsiku limenelo. Anzanga ena pantchito amati ndine wachikale. Kunja maganizo onga angawa amawatcha conservative, koma ine sindinawaphunzire m'buku, ndinawaphunzira m'midzi ya m'chigwa chino. Ndimakhulupirira kuti unkhoswe, bwalo la mfumu ndi chibale si zotsalira zongodikira kuti boma lidzazisese. Zinamangidwa pang'onopang'ono ndi anthu amene anakumana ndi njala, madzi osefukira ndi maliro ambiri kuposa ife, ndipo zimasenza katundu amene lamulo lolembedwa silimuona. Nyumba ya malamulo yatipatsa malamulo abwino motsatizana: la chuma cha masiye mu 2011, la kusasiyanitsa amuna ndi akazi mu 2013, la ukwati mu 2015, la malo a m'midzi mu 2016. Koma onsewa amaganiza za nzika imene polisi, khothi ndi ofesi ya DC zili pafupi nayo. Munthu wa kutsidya lija, kuti akafike kuboma, amayamba wakwera bwato pa Mtayamoyo, malo amene madzi anadula msewu mu 1997. M'dzinja, ulamuliro wokhawo umene angaufikire wapansi ndi nyakwawa wake. Ukamudanitsa ndi mudzi pofuna kumupatsa ufulu wake, wamupatsa pepala n'kumuchotsera denga.

Choncho ndinayambiranso. Ndinapita ku Bangula kwa malume aja, n'kukhala pansi n'kupepesa. Anandisunga theka la tsiku asanayankhe za nkhaniyo, ndipo anali ndi chifukwa. Atamasuka, anandiuza zinthu ziwiri zimene mayiwa sananene, osati pobisa, koma poona ngati aliyense amazidziwa.

Choyamba chinali cha ng'ombe. Mwa zisanu zija, zitatu zokha ndi zimene malemu anagula ndi ndalama za thonje. Ziwiri zinachokera ku lobola ya mlongo wawo, ndipo malemuwo ankangozisunga m'khola lawo m'malo mwa banja lonse, kudikira kuti zidzathandize mng'ono wawo wotsiriza pokwatira. Pamenepa mwambo ndi lamulo sizikutsutsana: chimene sichinali cha malemu sichingalowe m'chuma cha masiye. Kalata yanga inalamula munthu kubweza ng'ombe ziwiri zimene mudzi wonse unkadziwa kuti si za mayiwa. N'chifukwa chake ngakhale anthu amene ankaipidwa ndi khalidwe la mlamuyo anaima naye. Ndinamupatsa ndine chishango. Anzanga, musanawerengere chuma cha masiye m'dera la lobola, funsani mbiri ya ng'ombe iliyonse payokha.

Chachiwiri chinali cholemera. Mawu aja akuti "za maliro zitatha" ankatanthauza kupita kufa. Mayiwa, amene ndi a mpingo, anakana kugona ndi mwamuna wina kuti achotse imfa pakhomo, ndipo kukanako ndi kumene mlamu ankagwiritsa ntchito powatsekera dimba, ponena kuti akapondamo mbewu zipsa ndipo wina pabanjapo atupa. Pamenepa ndinalibe chokambirana. Lamulo la 2013 limaletsa miyambo yovulaza, ndipo aliyense kuno amakumbukira mlandu wa fisi, mwamuna wolipidwa kuti azigona ndi akazi pa miyambo yotere, wa ku Nsanje konkuno amene anamangidwa mu 2016. Kulemekeza mwambo sikutanthauza kuteteza chilichonse chimene chatchedwa mwambo. Gawo 200 la malamulo aakulu limalola malamulo a makolo kupitirira pokhapokha ngati sakusemphana ndi malamulo aakuluwo, ndipo ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse. Funso langa linali lina: kodi tithetsa bwanji choipachi popanda kusiya banja lonse lili ndi mantha oti imfa sinachotsedwe? Chifukwa mantha amenewo anali enieni, makamaka kwa apongozi, ndipo kuwaseka sikukanatsegula dimba.

Tili mkati mokonza zokumana, mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Za namondweyo zalembedwa zambiri, anthu oposa 600,000 anasowa pokhala m'chigawo cha kum'mwera. M'mudzi uja madzi analowa usiku. Mayiwa ndi ana anayi anakwera pa chulu kuseri kwa nyumba, ndipo amene anabwera ndi bwato m'bandakucha, n'kuwatenga maulendo awiri kupita kumtunda, anali mlamu yemwe uja. Thandizo la boma ndi mabungwe linafika patapita masiku. Nditawapeza pa msasa wa pasukulu ina, mayiwa ananditengera pambali n'kunena motsitsa mawu: "Za kupolisi zija muzisiye. Munthu amene anapalasira ana anga sindingamumangitse. Koma ng'ombe zanga ndikuzifunabe."

Ziganizo ziwiri zimenezo ndi zimene zinandipatsa ntchito yeniyeni. Sanafune kusankha pakati pa chibale ndi chuma chawo. Ankafuna zonse ziwiri, ndipo anali ndi ufulu wofuna zonse ziwiri. Khothi likanatha kuwapatsa chimodzi chokha.

Ndinasankha bwalo la gulupu, osati la nyakwawa, chifukwa nyakwawa wa mudziwo ndi msuweni wa mlamuyo ndipo anali atalandira kale mbatata za m'dimba lija. Izi ndikuzitchula dala. Amene timalankhulira mafumu tisamaiwale kuti mfumu ndi munthu, ali ndi abale ndi mimba. Dziko lino linaonapo zimene zimachitika mafumu akapatsidwa mphamvu yopanda malire: makhothi a makolo a nthawi ya Kamuzu ndi amene anagamula kuti Orton ndi Vera Chirwa aphedwe mu 1983, ndipo anathetsedwa pamene ndale za zipani zambiri zinkabwera. Sindifuna masiku amenewo abwerere. Bwalo la mfumu limakoma likamayanjanitsa, majisitireti ali kumbuyo kwake ngati kothawira. Nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la makhothi a m'madera mu 2011, koma pa nthawi ya nkhaniyi makhothi amenewo tinali tisanawaone kuno, choncho chigamulo cha gulupu chinalibe mphamvu ina kupatula kuvomera kwa anthu ndi manyazi a pamaso pa mudzi.

Tsiku la bwalo lisanafike ndinakaonana ndi agulupu paokha, malume ali pomwepo. Ndinawauza kuti kalata ija ndaibweza ndipo pabwalo ndidzakhala chete, koma pali zinthu ziwiri zimene zikadzagamulidwa ndidzapita nazo kupolisi tsiku lomwelo: kukakamiza mayiwa kupita kufa, ndi kuwatulutsa m'nyumba. Anaseka pang'ono n'kunena kuti za kupita kufa iwo analetsa kale m'midzi yawo, vuto n'loti anthu amachita usiku. Lamulo ndinaliika pamenepo, kumbuyo kwa chitseko, onse akudziwa kuti lilipo.

Bwalo linakhala mu Juni 2023 pansi pa mtengo wa nimu, madzi ataphwa. Malume ndi amene anatula nkhani, monga nkhoswe, ndipo anayamba ndi kuvomera kuti ng'ombe ziwiri n'za banja. Ndinaona mapewa a anthu akutsika. Mlamu anayankha nthawi yaitali: kuti iye ndi mutu wa banja, kuti mwambo umamupatsa udindo wosunga chuma cha mng'ono wake, kuti mkazi akhoza kukwatiwanso mawa n'kupita nazo ng'ombe kwa eni ake ena. Amuna angapo ankagwedeza mitu movomereza.

Kenako anapempha kulankhula azakhali awo a malemu, gogo wa zaka za m'ma 80 amene anachita kumugwira dzanja pomukhazika pamphasa. Analankhula m'Chisena, ndipo ndikumasulira mmene ndinamvera. Anati mlamuyo wanena zoona, koma wanena theka. Kale mkulu akatenga khola la malemu, ankatenganso njala ya ana a malemuwo, matenda awo, nsanza zawo ndi maukwati awo. "Ng'ombe zimatsata ana. Iwe unatenga khola, ana unawasiya. Mtsikana uja wakhala pakhomo kuyambira mvula isanagwe, ngolo ya bambo ake ikukupangira ndalama pamsika. Mwambo umenewo anakuphunzitsa ndani? Si mchimwene wanga."

Palibe gawo la lamulo limene likanachita zimene mawu amenewo anachita. Ine ndikanati walakwira lamulo la ku Lilongwe, iye akanayankha kuti akutsata makolo, ndipo mudzi ukanagawikana. Gogoyo anamuchotsera makolowo m'manja. Izi ndazionanso m'milandu ina: wolanda chuma kawirikawiri satsata mwambo wonse, amatolamo mbali yomukomera n'kutaya mbali ya udindo. Ntchito yathu ndi kupeza munthu amene ali ndi msinkhu ndi ulemu woti anene mwambowo wathunthu, ndipo nthawi zambiri munthuyo ndi mayi wachikulire wa kuchimuna komweko, amene ife a m'maofesi sitimuganizira.

Panatsala mfundo ya ng'ombe imene inapita ndi madzi a Freddy. Mnyamata woweta anachitira umboni kuti inali imodzi mwa zitatu za malemu. Mlamu anati limenelo ndi tsoka la aliyense. Akuluakulu anakambirana n'kugamula kuti popeza anakusa ng'ombezo banja lisanakhale pansi, tsokalo ndi lake, ndipo apereke thole limene linabadwira m'khola lake. Choncho mayiwa analandira ng'ombe ziwiri, thole ndi ngolo. Ziwiri za lobola zinatsala kwa mlamu, ndipo zinalembedwa kuti n'za mng'ono wotsiriza uja.

Za maliro zinatha sabata yotsatira. Apongozi anavomera kuti mwambo wosudzula uchitike ndi kumeta, mankhwala owaza pakhomo ndi pemphero la abusa, popanda mwamuna aliyense kulowa m'nyumba. Mayiwa anavomera mankhwala owazawo ngakhale kumpingo kwawo ena anang'ung'udza. Anati ngati madzi a m'chikho angagonetse tulo apongozi awo, iwo alibe nawo mlandu. Chisankho chinali chawo, ine sindinawakankhire mbali iliyonse.

Dimba ndi limene linatidyera nthawi. Amene sadziwa chigwa chino angadabwe kuti kamunda kosakwana ekala kangavute kuposa ng'ombe, koma kuno mapira ndi mchewere za kumphala zikapsa, chimanga, nyemba ndi mbatata za m'dimba ndi zimene zimaletsa banja kukazula nyika m'dambo. Freddy anasiya mchenga ndi matope pamwamba pa malire onse. Chulu chimene chinali pangodya chinakokoloka, ndipo mtsinje unadya mbali ina n'kusiya nthaka yatsopano mbali ina. Madoda awiri amene analipo pamene bambo a malemu ankapatsidwa malowo anayenda ndi eni madimba oyandikana, kuyambira pa migwalangwa iwiri imene inapulumuka, kulunjika pa mlambe wa kumtunda, akukangana ndi kukumbutsana mpaka dzuwa kupendeka. Nthaka yatsopano anaigawa pakati pa onse amene mtsinje unawadyera. Tinakhoma zikhomo.

Lamulo la malo la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, limakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi gulupu, okhala ndi anthu ena 6 osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi, ndipo limalola munthu kulembetsa malo ake n'kulandira chikalata. Zoika amayi m'komiti ndimaziyamikira. Koma pa dimba ili sindinalangize mayiwa kuthamangira chikalata, ndipo kalembera anali asanafikenso m'deralo. Chikalata chimafuna malire osasuntha, pamene Shire ndi Ruo zasuntha madimba mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023. Tsiku lija pamchenga, chimene chinabweza dimba kwa ana amasiye ndi mphamvu ya mudzi yogawanso malo mtsinje ukasintha njira. Pepala likanaloza pakati pa madzi. Okonza malamulo a malo akanabwera kudzaona madimba mu Epulo asanalembe.

Mgwirizano tinaulemba m'Chichewa, n'kuuwerenga m'Chisena, makope atatu okhala ndi chidindo cha agulupu. Unati nyumba, munda wa kumphala ndi dimba n'za ana a malemu, ndipo mayi awo azikhala ndi kulima popanda wowasokoneza.

Mnzanga wina, loya wachitsikana amene ndimamulemekeza kwambiri, atawerenga mgwirizanowo sanakondwe. Anati mayiwa tawapatsa ufulu wolima, osati umwini, ndipo akadzafuna kukwatiwanso kumudzi wina dimba adzalisiya, pamene mwamuna wamasiye palibe amamufunsa zimenezo. Anatinso mlamu wapulumuka popanda chilango atagwiritsa ntchito ngolo ya amasiye miyezi 10. Zonsezi n'zoona, ndipo sindinamutsutse. Ndinawafotokozera mayiwa momveka kuti khomo la khothi likadali lotseguka ndi kuti a Legal Aid angawathandize. Anakana. Pamene timasiyana ndi mnzangayo ndi apa: iye amaona kuti tikamalola migwirizano yotere tikuchedwetsa tsiku limene akazi adzakhale eni nthaka mokwanira, ine ndimaona kuti tsikulo lidzafika kudzera m'mabwalo ngati lija, pamene mudzi wonse unamva gogo akunena kuti chuma chimatsata ana, ndipo palibe anatsutsa. Mpaka lero sitinagwirizane.

Mayiwa anagulitsa ng'ombe imodzi, ndipo mtsikana uja anabwerera ku Fomu 2 chaka cha sukulu chatsopano chitayamba. Anataya chaka chathunthu, ndipo miyezi ina ya chakacho inatayika chifukwa cha kalata yanga. Mu 2024 ng'amba ya El Niño inapsereza minda, boma n'kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 ali pa ngozi. Kumphala sanakololeko kanthu. Anadya za m'dimba, ndipo ngolo ankaibwereketsa kwa mlamu yemwe uja pa mtengo umene anagwirizana pamaso pa malume.

Chilimwe cha chaka chomwecho mwana wa mlamuyo analowerera mizere iwiri kudutsa chikhomo. Ine ndinamva patapita masabata awiri nkhani itatha kale: mayiwa anatenga kope lawo, anadzera kwa azakhali aja, n'kupita nawo kwa nyakwawa, ndipo mizereyo inabwezedwa ndi mbatata zake zomwe. Azakhaliwo tsopano sakutulukanso m'nyumba, ndipo mmodzi mwa madoda awiri odziwa malire aja anamwalira. Ndapempha agulupu kuti wotsalayo tiyende naye m'madimba onse a m'mbali imeneyo mvula isanagwe, mlembi wawo akulemba m'kaundula zimene akunena, ndipo achinyamata a banja lililonse akhale pomwepo akumva. Avomera, tagwirizana Loweruka lachiwiri la mwezi wamawa.